Buleki Yakutsogolo Ikakana Kusiya

Ntchito imene imandidyetsa tsiku ndi tsiku ndi njinga za kabaza: matcheni, mapulagi, makabuleta, mashuzi a mabuleki. Koma mwa apo ndi apo pagalaja panga kuno ku Blantyre pamafika njinga zamoto zothamanga zija, za 600cc kapena 1000cc, zimene wokwera amachita kugonera pathanki. Eni ake kawirikawiri amabwerera kulira kwa ekizosi kapena oyilo wa injini. Ine asanamalize n'kufotokoza komwe, dzanja langa limakhala lafika kale pa liva yakumanja. Njinga yotere ikamaima mwamphamvu kulemera konse kumathamangira kutsogolo, tayala lakumbuyo limapepuka mpaka nthawi zina kunyamuka, choncho pafupifupi ntchito yonse yoimitsa imatsalira madisiki awiri akutsogolo. Njinga yotha kupitirira makilomita 200 pa ola imaimitsidwa ndi zala ziwiri, timphira tingapo ndi mafuta osadzaza n'kapu yomwe.

Liva ndimaifinya pang'onopang'ono n'kuigwira choncho osaisiya. Yabwino imayamba yayenda kampata kakang'ono popanda kugwira kanthu, kenako n'kulimba gwa, n'kukhala pomwepo. Ikamatsetsereka yokha mpaka kukakhudza chogwirira, ndiye kuti timphira ta m'masita silinda, kapampu kamene liva imakankha, tatha ndipo mafuta akuzemba m'mbali. Ikakhala yofewa koma n'kumalimba ukaipopa kangapo, muli mpweya. Mafuta sapanikizika koma mpweya umapanikizika, ndiye mphamvu ya dzanja imathera pofinya thovu m'malo mokankha mapadi.

Kenako ndimatsegula kabotolo ka mafuta a mabuleki pamwamba pa handulo. Atsopano amakhala oyera moonekera. Amene ndimawapeza nthawi zambiri amakhala atafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Mafutawa amayamwa chinyezi, ngakhale njinga itangokhala m'nyumba. A DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi osakwana n'komwe magawo 4 pa 100 alionse, muyezowo umatsika kufika pa 155. M'tauni simungazindikire kanthu. Tsikani nayo phiri la ku Chikwawa, kapena makona a Khwekhwelere popita ku Golomoti, chala chili pabuleki njira yonse. Kalipa, imene imapanitsa mapadi padisiki, imatentha, madzi aja amawira n'kusanduka nthunzi, liva n'kufika pachogwirira njinga ikupitabe. N'chifukwa chake opanga njinga ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri, ndipo mapaipi a mphira pakatha zaka zinayi. Ndimakana kuthira mafuta ochokera m'botolo limene linatsegulidwa kalekale, ndipo a DOT 5, omwe ndi a silicone, sindiwasakaniza ndi a DOT 4.

Pali vuto lina limene simungalipeze ndi sipanala, mumalipeza ndi nambala. Mu 2013 kampani ya Suzuki inaitanitsa njinga zoposa 200,000 ku United States: ma GSX-R600 ndi GSX-R750 a kuyambira 2004 mpaka 2013, ndi ma GSX-R1000 a kuyambira 2005. Pisitoni ya m'masita silinda yakutsogolo inkatha kudyeka mafuta akakhalitsa osasinthidwa, kudyekako n'kumatulutsa mpweya. Khomo lopita ku kabotolo ka mafuta linali chammbali, choncho mpweyawo unkasowa potulukira, liva n'kumafewa pang'onopang'ono. Kampaniyo inkasintha masita silinda yonse mwaulere, n'kuika ina yokhala ndi khomo pamwamba. Nkhaniyi imatikhudza chifukwa njinga zothamanga zimene zimafika kuno zambiri ndi zakale, zodutsa m'manja mwa anthu angapo ku South Africa, ku Japan kapena ku Britain, ndipo kalata ya kampani siitsatira njinga mpaka ku Ndirande. Ndiye njinga ya mtundu uliwonse ikabwera koyamba, ndimakopera nambala ya chassis yodindidwa pakhosi pa felemu, n'kufufuza pa intaneti ngati opanga anaiitanitsapo pa vuto lililonse.

Komabe vuto limene limandiopsa kwambiri si la buleki yokana kugwira. Ndi la buleki yokana kusiya.

Mnyamata wina anabwera ndi njinga ya 600cc akuiyendetsa mwaulemu kwambiri. Anati, "Madala, njingayi ikangotentha ikumalemera. Dzulo pamseu wa ku Zomba ndinachita kuima, kunkanunkha chopserera. Nditadikira kanthawi inayambanso kuyenda bwinobwino. Ndikuganizira kalachi."

Ndinagwada n'kuyang'ana madisiki. Anali atasintha mtundu, atachita kabuluu m'mphepete, chizindikiro choti anapsa. Liva inali yatsopano, yaifupi, yofiira monyezimira. Nditaifinya inalimba pomwepo, popanda kampata kaja. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, livayi mwaiika liti?" Anati njinga inagwa ili chiimire kunyumba, liva yake n'kuthyoka, iye n'kuitanitsa yotchipa pa intaneti. Ankainyadira, ati buleki tsopano ikugwira msanga kuposa kale.

Kuti mumvetse zimene zinachitika muyenera kudziwa kachibowo kena ka m'masita silinda, kosakwana milimita imodzi. Liva ikakhala itasiyidwa, pisitoni imabwerera mmbuyo n'kusiya kachibowoka kali pululu, mafuta a m'mapaipi n'kumalumikizana ndi a m'kabotolo. Mukafinya, kamphira ka pisitoni kamadutsa kachibowoko n'kukatseka, mphamvu n'kupita ku makalipa. Mukasiya kamatsegukanso, mafuta otsala n'kubwerera. Tsono liva yogula ija inali ndi msomali wotalika pang'ono pamalo okankhira pisitoni, moti pisitoniyo sinkabwerera mpaka kumapeto. Kachibowo kanali kotsekeka nthawi zonse. Njinga ikamayenda mapadi amakhudza disiki pang'ono n'kufunda, mafuta amafufuma ndi kutenthako, ndipo posowa kothawira amakankha mapadi. Mapadi akakanikiza kwambiri kutentha kumawonjezeka, mafuta n'kufufumanso. Zimangokwererakwerera mpaka tayala lakutsogolo kumangika lokha wokwera asanakhudze liva. Zikachitikira pakona kapena patsogolo pa thiraki, sindifuna n'kuganiza komwe. Mnyamatayu anapulumuka chifukwa anamva kulemera kuja n'kuima msanga.

Ngakhale ndinali nditaganizira kale liva, sindinathamangire kuichotsa, chifukwa tayala lomangika limakhala ndi zifukwa zingapo ndipo mwina zimakumana ziwiri. Tinanyamula kutsogolo kwa njinga pa sitandi, ndinapopa liva kangapo, tayala n'kuyamba kukakamira. Ndinaveka nipo yochotsera mpweya ya pakalipa kapaipi koonekera n'kuimasula pang'ono ndi sipanala ya 8. Mafuta anatumphuka, tayala n'kumasuka. Apa ndinadziwa kuti mphamvu ikutsekeredwa kumtunda. Chikhala kuti mapisitoni a m'kalipa ndiwo anamatirira ndi dzimbiri, kumasula nipo sikukanasintha kanthu. Kumtundako kukhoza kukhala paipi imene yafufuma m'kati, kabotolo kodzazitsa mopyola mzere, zinyalala zotseka kachibowo, kapena liva. Ndinapopanso, tayala n'kukakamiranso, kenako ndinachotsa bawuti ya liva. Itangochoka, tayala linazungulira lokha. Nditakankha mapadi kuwabweza m'kalipa, mafuta anakwera m'kabotolo bwinobwino, kusonyeza kuti njira yatseguka.

Mnyamata wanga wophunzira ntchito anati tingopala msomaliwo ndi fayilo. Ndinamuuza kuti, "Iwe, zimenezo ayi." Ukapala suziwa pomwe walekezera, ndipo liva imene yalakwika muyezo pamalo amodzi sindingaikhulupirire pa chitsulo chake. Tinadikira mpaka itapezeka yoyenera njingayo. Mwini wake anadandaula za mtengo ndi masiku, ine sindinasunthe.

Podikirapo tinakonza zimene kutentha kunawononga, ndipo ntchito yambiri inali imeneyi. Mapadi anali atachita galasi, osalala monyezimira, ndiye tinawataya ngakhale nyama inalipo. Makalipa tinawachotsa, n'kutulutsa mapisitoni onse, n'kuwatsuka ndi madzi a sopo ndi mswachi. Petulo kapena oyilo wa injini sayandikira pamenepa, chifukwa amatupitsa mphira wa mabuleki. Anthu ambiri sadziwa kuti m'kalipa mulibe sipuling'i yobweza pisitoni. Imabwezedwa ndi kamphira kozungulira kamene kamapindika pang'ono pisitoni ikamatuluka, n'kuikokera mmbuyo mukasiya liva. Kamphira kopsa kamauma n'kusiya kugwira ntchito imeneyi, choncho tinaika tatsopano, titapalamo litsiro loyera limene limamera m'ngalande zake. Ntchito yopala ngalandezi imafuna kudekha. Ndimagwiritsa kamtengo kapena kapulasitiki kosongola, chifukwa chitsulo chimakanda aluminiyamu ndipo pokandikapo mafuta amadzadontha.

Madisiki ndinawayeza ndi micrometer m'malo angapo kuzungulira. Disiki iliyonse imakhala yodindidwa muyezo wa kuchepa kumene siyenera kupyola. Pa njingayi panalembedwa 4.5 mm ndipo onse awiri anali pamwamba pake. Ndinayezanso ngati anapindika, n'kuona ngati timabatani tolumikiza mkombero ndi pakati tikusewera. Anali bwino, mwayi wake, chifukwa madisiki awiri akanamudyera ndalama zambiri kuposa ntchito yonse.

Pomanga ndimaika mawashala atsopano pa mabawuti a mapaipi, popeza akale akaphwanyika kamodzi samatanso. Mabawuti a kalipa ndimamanga ndi torque wrench motsatira buku la njingayo, osati momva m'dzanja. Thanki ndi mapulasitiki ndimaphimba ndi nsanza yonyowa chifukwa mafutawa amadya penti. Kenako kuchotsa mpweya, ntchito ya anthu awiri: wina amafinya n'kugwira, ine ndimamasula nipo, n'kutseka, iye n'kusiya. Timabwereza mpaka m'kapaipi mutadutsa mafuta oyera opanda thovu, maso ali pakabotolo kuti kasaume. Masita silinda zambiri za njinga zothamanga zili ndi nipo yakeyake pamwamba, ndipo thovu lomaliza limakonda kubisala pamenepo.

Buleki yoyesedwa ili yozizira pakhomo pa galaja sindiiwerengera, pajatu vuto la mnyamatayu linkaonekera pokhapokha zinthu zikatentha. Ndisanakankhe njinga ndimapopa liva mpaka italimba, chifukwa mapisitoni akangobwezedwa kufinya koyamba kumapita pachabe, ndipo anthu agundapo mageti motere. Ndikatero ndimakwera, kuyamba pang'onopang'ono, kugwira n'kusiya kambirimbiri kuti mapadi atsopano azolowerane ndi disiki. Kenako ndimayenda mtunda ndithu osakhudza buleki yakutsogolo, n'kuima ndi yakumbuyo, n'kuyandikiza dzanja pamadisiki. Akhale ofunda pang'ono chabe ndiponso ofanana. Imodzi ikatentha kuposa inzake ndimabwerera kukamasula. Pobwerako tinanyamulanso kutsogolo njinga ikadali yotentha, tayala n'kuzungulira mosakakamira.

Atabwera kudzatenga njinga, ndinamugwiritsa liva kuti amve kampata kakang'ono kaja ndi zala zake, n'kumuuza kuti tsiku limene kadzasowe asadzakwere. Ndinamuuzanso kuti makilomita oyamba asagwire buleki mwankhanza, ndipo akadzamvanso njinga ikulemera kapena kununkha chopserera aime pomwepo, asayese kuikakamiza ndi moto kuti akafike. Anapempha liva yofiira ija, ati akagulitse kwa mnzake. Ndinamukumbutsa kuti mnzakeyo ali ndi njinga ya mtundu womwewo, iye n'kuisiya patebulo. Pansi pa mpando ndinamata kapepala kolembapo mwezi ndi chaka chimene tathira mafuta atsopano. Pakatha zaka ziwiri adzachoke, kaya njingayo yayenda kaya yangokhala m'nyumba.