Azakhali, Hillary ndi mawu akuti "lekani"

M'chaka cha 2008 ndinkakhala kwa azakhali anga ku Ndirande uku ndikuphunzira utolankhani m'tauni. Nyumba yake inali ya zipinda ziwiri, wailesi imodzi, ndipo wailesiyo inali ya azakhali. Iwo anali mphunzitsi wa kupulaimale, munthu wodzuka tambala asanalire, choncho nkhani za chisankho cha ku Amereka tinkamvera limodzi m'bandakucha, madzi osamba ali pambaula. Nthawi yathu ili patsogolo ndi maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri poyerekeza ndi ya ku Washington. Pamene iwo akumaliza kuwerenga mavoti usiku, kuno kumakhala kukucha.

Ine ndinali wa Barack Obama. Nanga chaka chimenecho ndani sanali wa Obama? M'minibasi, kometetsa, ngakhale pamaliro, nkhani inali ya mwana wa Mkenya. Azakhali okha mumzere wathu wonse wa nyumba ndiwo anali a Hillary Clinton, ndipo sankabisa.

Kwa inu amene simutsata za kumeneko, chipani cha ku Amereka sichisankha mtsogoleri wake tsiku limodzi m'holo monga tichitira kuno. Zisankho zachipulula zimayenda chigawo ndi chigawo kwa miyezi pafupifupi isanu. Chaka chimenecho zinayambira ku Iowa pa 3 Januwale n'kukathera ku Montana ndi South Dakota pa 3 Juni. Chigawo chilichonse chili ndi nthumwi zake zokavota kumsonkhano waukulu, ndipo m'chipani cha Democratic nthumwizo amazigawa molingana ndi mavoti amene munthu wapeza. Apa ndiye pagona nkhani. Ukatsalira ndi nthumwi zoposa 100, monga anatsalira Hillary pamene Obama anapambana zisankho khumi ndi chimodzi zondondozana mu Febuluwale, kubwereranso n'kovuta, chifukwa ngakhale upambane, mnzako akudyako gawo lake. Ku Pennsylvania mayiyu anapambana bwino lomwe pa 22 Epulo, koma mpata unangochepa ndi nthumwi zongopitirira khumi. Chiyembekezo chake chinali pa akuluakulu a chipani pafupifupi 800, otchedwa superdelegates, amene anali ndi ufulu wovotera amene amkonda posatengera mavoti a anthu.

Kumapeto kwa Malichi, Patrick Leahy, phungu wa nyumba ya Senate wochokera ku Vermont, ananena poyera zimene ambiri ankanong'ona: mayi aleke, masamu akukana, akungovulaza chipani pamene John McCain wa Republican, amene mpikisano wake unali utatha kale, akupumula ndi kusonkhanitsa ndalama. Ine ndinaomba m'manja.

"Mwamva azakhali? Ngakhale akuluakulu awo atopa naye."

Iwo anapitiriza kusita chilundu chawo. Kenaka anafunsa, osandiyang'ana: "Zatsala zigawo zingati zomwe sizinavote?"

Ndinawerenga pazala. Zinali khumi.

"Ndiye anthu a m'zigawo khumizo si anthu?"

Ndinawayankha ngati mwana wasukulu yemwe wangodziwa kumene kuchotsera ndi kugawa. Ndinati nkhani si ya ulemu, ndi ya masamu. Ndalama zikuwonongeka, mayiyo akubwereketsa yekha mamiliyoni a madola ku kampeni yake, ndipo liwu lililonse loipa limene anena lero za Obama, a McCain adzalitola n'kulibweza mu Novembala. Zonsezi zinali zoona, ndipo mpaka lero sindizikana. Ndinawakumbutsanso mbiri imene ndinali nditaiwerenga kumene mulaibulale: mu 1980 Edward Kennedy anakakamira kulimbana ndi Pulezidenti Jimmy Carter mpaka pamsonkhano waukulu ku New York, ndipo Carter anagonja kwa Ronald Reagan. Mu 1976 Reagan yemweyo anamuvutitsa Gerald Ford mpaka ku Kansas City, Ford n'kupambana ndi nthumwi 1,187 pa 1,070, koma n'kukagwa pachisankho chenicheni. Ndinati taonani, mpikisano wotalika umapha chipani.

Azakhali anati mwina chipanicho chimakhala chikudwala kale, n'chifukwa chake mpikisano umatalika. Ndinakhala kaye chete, chifukwa yankho limeneli ndinalibe nalo pogwira.

Usiku wa tsiku lomwelo, magetsi atazima monga mwa nthawi zonse, anandiuza nkhani imene sindinaimvepo chikhalirecho m'banja lathu. M'chaka cha 2000, pokonzekera chisankho cha makhansala, azakhali anafuna kuimira chipani china m'dera lomwe ankaphunzitsa panthawiyo. Dzina la chipanicho sindilitchula, ndipo si lofunika, pakuti mchitidwewu suli ndi mtundu wa nsalu. Anayenda khomo ndi khomo masabata angapo, akaweruka kusukulu. Amayi a kumpingo, a kumsika, makolo a ana amene anawaphunzitsa, onse ankati tili pambuyo panu aphunzitsi. Ndipo mawuwa kwathu kuno si fanizo chabe: pachisankho chachipulula anthu amaimadi pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna, wowerenga n'kumayenda akugwira mapewa.

Kutatsala usiku umodzi, kunyumba kunabwera abambo atatu. Anakhala pakhonde, anapatsidwa tiyi, anayamba ndi kuyamikira ntchito yabwino imene mayi agwira. Kenaka anafika pamfundo. Ati mnzanu uja ali patsogolo kwambiri, ife tawerenga kale. Ati ali ndi galimoto ndi ndalama za kampeni. Ati mukapikisana mawa chipani chigawanika, adani atiseka. Lekani mayi, chifukwa cha umodzi. Nthawi yanu idzafika.

Azakhali analeka. M'mawa mwake sanapite n'komwe kubwalo la sukulu kumene kunali chisankho. Anamva pambuyo pake kuti amayi aja anafika atavala zitenje zawo zabwino, nayang'ana uku ndi uku, osaona munthu woti aime kumbuyo kwake. Ena anabwerera kunyumba, ena anangoima pamzere womwe unalipowo.

"Mwina ndikanagonja ndithu," anatero mumdimamo. "Mwina anali makumi atatu okha. Koma mwana iwe, mpaka lero sindidziwa kuti anali angati. Chimene chimandipweteka n'chimenecho."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuomba m'manja, ngakhale mtima unali ukadali kwa Obama. Ndinayamba kuona chinthu chimene poyamba ndinkachiphonya: mawu akuti "lekani chifukwa cha umodzi" nthawi zonse amachokera kumbali ya amene ali patsogolo, ndipo amanenedwa mwaulemu, tiyi ali m'manja. Obama mwini wake anachenjera. Atamva za Leahy ananena kuti mayiyo apitirize mpaka pamene afunire. Ndipo mwa zisankho khumi zija, Hillary anapambana zisanu ndi chimodzi: Pennsylvania, Indiana, West Virginia, Kentucky, Puerto Rico ndi South Dakota. Ku West Virginia anamusiya Obama ndi mavoti oposa 40 pa 100 alionse. Pachilumba cha Guam, Obama anapambana ndi mavoti asanu ndi awiri okha. Anthu onsewa, malinga ndi nzeru zanga za mu Malichi zija, akanayenera kufika pabwalo n'kupeza palibe woima kumbuyo kwake.

Komatu nkhani siinathere pamenepo, ndipo sindifuna kuti muganize kuti azakhali anapambana mtsutso wonse. Pa 23 Meyi Hillary anali ku Sioux Falls, ku South Dakota, akucheza ndi akonzi a nyuzipepala ina. Atamufunsa chifukwa chake sakuleka, anati mipikisano yakale inkafika mu Juni, napereka zitsanzo ziwiri: ya mwamuna wake mu 1992, ndi ya 1968, pamene Robert Kennedy anawomberedwa mu Juni ku California. Mwina ankangonena za mwezi, monga anafotokozera popepesa tsiku lomwelo. Koma taganizani kutchula kuphedwa kwa munthu wopikisana nawo pamene mnzako ndi munthu wakuda amene boma linayamba kumupatsa asilikali omuteteza kuyambira Meyi 2007, kutatsala chaka ndi theka kuti chisankho chichitike. Kuno ku Ndirande ambiri tinkaopa zomwezo, kuti azungu samusiya wamoyo. M'mawa umenewo azakhali anathimitsa wailesi okha, nati: "Watopa mayiyu. Munthu akatopa pakamwa pamathamanga." Sananenenso china mpaka anatuluka kupita kusukulu.

Panalinso nkhani ya Florida ndi Michigan. Zigawo ziwirizi zinachititsa zisankho zake mu Januwale mophwanya malamulo a chipani, ndipo chipani chinazilanda nthumwi. Hillary ndi Obama onse anagwirizana kuti sakachitako kampeni, ndipo ku Michigan dzina la Obama silinali n'komwe papepala lovotera. Koma atatsalira, a Hillary anayamba kunena kuti mavoti amenewo awerengedwe onse, chifukwa voti iliyonse ndi yopatulika. Pa 31 Meyi komiti ya malamulo inakumana ku Washington, kunja anthu akukuwa, n'kugamula kuti nthumwi za kumeneko zikhale ndi theka la voti iliyonse. Apa ndinawauza azakhali kuti uku si kulemekeza ovota ayi, uku n'kusuntha golo mpira uli mkati. Anavomera ndi mutu, monyinyirika.

Pa 3 Juni zigawo zomaliza zinavota ndipo Obama anakwanitsa nthumwi 2,118 zimene zinkafunika. Hillary anadikira masiku anayi. Pa 7 Juni, m'nyumba ya National Building Museum ku Washington, anavomera kugonja, anapempha anthu ake kuti atsate Obama, nanena kuti denga lotchinga amayi silinasweke koma lachita ming'alu pafupifupi 18 miliyoni, kutanthauza mavoti amene anapeza. Azakhali anamva chiwerengerocho, nachibwereza chapansipansi kawiri. Ine ndinadziwa chimene ankaganiza. Mayi uja anagonja akudziwa kuti kumbuyo kwake kunaima angati.

Chipani chimene ndinkachiopera chija sichinafe. Mu Ogasiti, ku Denver, Hillary yemweyo ndiye anaimirira n'kupempha kuti kuwerenga nthumwi kulekeke, Obama avomerezedwe ndi mfuu. Mu Novembala Obama anapambana ngakhale ku Indiana, kumene wa Democratic anapambanako komaliza mu 1964, ndi ku North Carolina, kumene anapambanako komaliza mu 1976. Zigawo ziwirizi zinavota pa 6 Meyi pachipulula chija, ndipo chifukwa mpikisano unali ukadali wamoyo, mbali zonse ziwiri zinatsegulako maofesi, kulembetsa ovota atsopano ndi kugogoda m'makomo. Sindikunena kuti n'chokhacho chinamupambanitsa. Koma mpikisano ukanatha mu Malichi, ntchito imeneyo sikanagwiridwa panthawiyo.

Tsopano imvani zimene zinachitika patatha zaka zisanu ndi zitatu, kuti museke nafe. Mu 2016 Hillary ndiye anali patsogolo, wotsalira anali Bernie Sanders, mkulu wa ku Vermont, kwawo kwa Leahy uja. Anthu a Hillary anayamba kuimba nyimbo yomwe ija: masamu akukana, a Donald Trump akupumula, lekani bambo chifukwa cha umodzi. Pa 6 Juni, California isanavote mawa lake, bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linalengeza kuti mayiyo wakwanitsa kale nthumwi, powerengera akuluakulu a chipani aja. Sanders sanaleke mpaka zigawo zonse zitavota, ndipo anadzamuvomereza Hillary pa 12 Julayi. Mkwiyo wa anthu ake ndiwo unachititsa kuti mu 2018 chipani chisinthe malamulo, akuluakulu aja asamavote nawo ulendo woyamba ngati voti yawo ingasinthe zimene anthu asankha.

Panthawiyo azakhali anali atapuma ntchito, akukhala kumudzi. Ndinawaimbira foni mu Meyi kufunsa za chimanga, iwo n'kuyamba okha: "Kodi nkhalamba ija ikufuna chiyani? Bwanji osangoleka, mayi akonzekere?"

"Azakhali," ndinatero, "zatsala zigawo zingati?"

Kunali zii. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola, nati mayunitsi ako akutha, dula foni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nanenso sindingadzitame: ine amene ndinkakuwa kuti Hillary aleke ndine amene ndinkamuikira kumbuyo Sanders, ndi mfundo zomwe ndinabera azakhali.

Lero ndikamva mtsutso umenewu, maganizo anga ndi akuti wotsalira ali ndi ufulu wofika kumapeto, malinga akupempha mavoti, osati kusintha malamulo kapena kudikira tsoka la mnzake. Kuopsa kwa mpikisano wotha msanga tinakuona mu 2024. Joe Biden analibe womugwedeza pachipulula, akuluakulu onse atagwirizana kuti umodzi ndiwo wofunika. Kufooka kwake kunaonekera poyera pa 27 Juni pamtsutso ndi Trump, zisankho zachipulula zitatha kale. Analeka pa 21 Julayi, ndipo Kamala Harris anatenga malo popanda munthu wamba ndi mmodzi yemwe womuvotera pachipulula kuti akhale mtsogoleri wa chipani. Anagonja mu Novembala.

Chaka chatha ndinaperekeza azakhali kumaliro m'dera lija ankaphunzitsa kale. Titakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, mayi wina wachikulire anawayang'anitsitsa, nawagwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Aphunzitsi, si inu? Tsiku lija tinabweratu ife. Tinakudikirani mpaka dzuwa linafika pamutu."

Azakhali anamufunsa dzina, anamufunsa za ana. Ndinaona milomo yawo ikufuna kufunsa funso lina lija, koma nyimbo inayamba m'nyumba ya siwa ndipo amayi onse anaimirira.