Tsiku lomwe dzina la azakhali linasokoneza kompyuta

Tchuthi chapitachi ndinapita kwathu ku Mchinji ndi cholinga chogona, kudya nsima ya nkhwani wotendera, n'kuiwalako za sukulu. Sizinatheke. Achimwene anga, amene anamaliza maphunziro a makompyuta koma ntchito yokhazikika sanaipezebe, anali atapeza ganyu kwa kagulu ka alimi a mtedza ndi soya kufupi ndi Kamwendo. Anawakonzera pulogalamu yolembera matumba amene mlimi aliyense wabweretsa ndi ndalama zimene ayenera kulandira. Zonsezo zimasungidwa mu database, yomwe tingati ndi kaundula wa m'kompyuta.

Pulogalamuyo inagwira bwino masiku atatu. Tsiku lachinayi azakhali athu anabwera ndi matumba asanu a mtedza, mlembi analemba, koma pofika tsiku lolipira dzina lawo kunalibe. Anafika kunyumba dzuwa likulowa, chitenje chili m'chiuno, osapereka ndi moni yemwe.

"Iwe, makina akowo adya mtedza wanga?"

Achimwene analumbira kuti zonse anaziyesa. Anandionetsa pa laputopu mizere yobiriwira yokhayokha, kusonyeza kuti mayeso onse anakhoza. Sananame. Koma mayeso amenewo, omwe iwo amawatchula kuti unit test, amayesa kachidutswa kalikonse pakokha. Kowerengera ndalama kankawerengera bwino. Kolandira dzina kankalandira bwino. Pofika pa database, achimwene anaikapo yongoyerekeza, yovomera chilichonse ngati mkamwini wofika kumene pamudzi. Database yeniyeni, ya MySQL, inali isanafunsidwepo maganizo.

Vuto linali dzina. Azakhali anakwatiwa kwa a Ng'oma, ndipo kachizindikiro kali pakati pa g ndi o ndi komwenso chinenero cha SQL chimagwiritsa ntchito potsegula ndi kutseka mawu. Achimwene ankangolumikiza dzina ku chiganizo cholamula database. Database itafika pa kachizindikiroko inayesa kuti dzina lathera pa "Ng", zotsalazo sinazimve, n'kukana chiganizo chonse. Pulogalamu inameza dandaulolo osauza mlembi. Ine, amene ndakhala semesita yathunthu ndikuphunzira kusiyana kwa ng ndi ng', ndinaseka mpaka misozi. Azakhali sanaseke.

Usiku womwewo achimwene anayamba kulemba mayeso a mtundu wina, integration test. Awa amayesa ulendo wonse: dzina lilowe pomwe mlembi amalemba, lidutse mu pulogalamu, likafike mu database yeniyeni, kenako tiliitanitse tione ngati labwerera mmene linapitira. Anakonza database ina yapadera yoyesera, yofanana ndendende ndi ya alimi koma yopanda kanthu. Mayeso aliwonse asanayambe amaikamo alimi opeka, akatha amafufuta zonse, kuti zotsala za mayeso oyamba zisanamize achiwiri. Maina ndi manambala enieni a alimi anakana kuwakopera mmenemo, ndipo pamenepo ndinawapatsa ulemu.

Ntchito yanga inali yopeka alimiwo. "Iwe umadziwa anthu," anatero achimwene, mawu amene sindinawamvepo chiyambire kundinyoza kuti digiri yanga ndi yophunzira miyambi.

Ndinayamba ndi maina. M'bwana, Ng'ambi, Ching'amba. Kenako ndinakumbukira agogo ena amene amaumirira kulemba dzina lawo ndi ŵ, monga mmene ena amalembera Malaŵi. Tinayesa, ndipo chilembocho chinakanika kulowa bwino, chifukwa tebulo linakonzedwa ndi zilembo za latin1, zomwe ŵ mulibe. Tinasintha kupita ku utf8mb4. Ndinapekanso a Banda awiri a dzina loyamba limodzi, mudzi umodzi, poti kwathu kuno ukaitana Phiri pamaliro amatembenuka anthu khumi. Pulogalamu inaphatikiza matumba awo ngati munthu mmodzi. Apa panatithandiza nambala ya chiphaso cha unzika, chomwe ambiri analembetsa m'chaka cha 2017.

Koma chimene ndimanyadira kwambiri ndi cha malire. Amene sanakhalepo ku Mchinji sadziwa kuti Chipata ili pafupi nafe kuposa Lilongwe, ndipo mabanja ambiri ali ndi mwendo uku ndi uko. Alipo anthu amene foni yawo ndi ya +260, osati +265, chifukwa kumudzi kwawo netiweki ya ku Zambia ndi imene imagwira bwino. Pulogalamu inkakana nambala zoterezi. Choopsa kuposa apo ndi ndalama. Maiko onse awiri ndalama yawo ndi kwacha, onse amalemba K kutsogolo, koma kwacha imodzi ya ku Zambia ndi makwacha athu makumi angapo. Ndinafunsa kuti wogula wochokera ku Chipata akalipira ndi kwacha yakwawo, mlembi n'kulemba K500, database idziwa bwanji kuti ndi iti? Achimwene anakhala chete kanthawi, kenako anawonjezera danga lolembamo MWK kapena ZMW, ndi mayeso okana ndalama iliyonse yopanda dziko.

Mayeso ovuta kwambiri anali a magetsi. Mlimi akabweretsa katundu, pulogalamu imalemba malo awiri: thumba m'kaundula wa katundu, ngongole m'kaundula wa malipiro. Nanga zitazima pakati pa ziwirizi? Thumba lilipo, ndalama palibe. Njira yake ndi kumanga zolemba ziwirizo mtolo umodzi, umene amautcha transaction, kuti zilowe zonse kapena pasalowe chilichonse. Poyesa, achimwene analepheretsa dala kulemba kwachiwiri, n'kukaona ngati thumba lija lafufutika. Ulendo woyamba silinafufutike. Database yongoyerekeza ija sikanatiuza zimenezi ngakhale titaifunsa chaka chonse.

Ndisakunamizeni, ntchitoyi ndi yotopetsa. Ma unit test ankatha m'kuphethira kwa diso, pomwe awa ankatenga mphindi zingapo pa laputopu yokalambayo, batire likutha. Ena ankakhoza lero n'kulephera mawa popanda chosintha, mpaka tinapeza kuti awiri ankalimbirana mlimi wopeka mmodzi. Ndipo palibe amene analipira achimwene masiku amenewo. Wopereka ganyu amafuna kuona batani latsopano, mayeso sawaona.

Chimene chandikhalira m'mutu n'chakuti moyo wathu wadzaza ndi makaundula oterewa. Mtukula Pakhomo, umene unayambira kwathu kuno ku Mchinji m'chaka cha 2006, umayendera mndandanda wa maina. M'zipatala zambiri odwala amalembedwa pa makompyuta, ntchito imene a Baobab Health anaiyambira ku Kamuzu Central Hospital kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, chomwe chinatsegulidwa ngati malo amodzi ochitira zonse m'chaka cha 2022, katundu amadutsa poti makompyuta avomereza. Dzina likasowa m'malo oterewa, wovutika si wolemba pulogalamu. Ndi mayi amene wayenda wapansi kuchokera ku Mkanda n'kuuzidwa kuti "simukuoneka mu sisitimu", ndipo alibe mwana wa mlongo wake woti akamukalipire madzulo.

Anzanga a makompyuta mundikhululukire, koma ambiri mwa inu mumayesa mapulogalamu anu ndi John Smith, chifukwa ndi amene ali m'mavidiyo a pa YouTube omwe munaphunzirirapo. John Smith alibe kachizindikiro m'dzina, ali ndi foni imodzi, ndipo kwawo magetsi sazima.

Azakhali analandira ndalama zawo patatha sabata, mlembi atapeza matumba asanu aja m'kope lake la pepala, lomwe mwamwayi anali asanalitaye. Mayeso oyamba pa mndandanda wa achimwene pano ali ndi dzina loti azakhali_ngoma. Ndinawauza kuti alilakwitsa, pakusowa kachizindikiro. Anati dzina la mayeso silingakhale ndi kachizindikiro kameneko, Python ingakane.