Tsiku Limene Ndinaleka Kuŵiringula Pamzere

Kale ndinkaŵiringula ndikaona namwino akuloŵetsa wobwera pambuyo, ife olaŵirira tili pamzere. Mumtima ndinkati n'kukondera. Maganizo ameneŵa anandichokera tsiku limene mdzukulu wanga anakomoka ndi malungo. Tinafika kuchipatala khonde litadzaza kale, koma namwino anangoona kapumidwe kake, namloŵetsa pomwepo. Anamuika kachipangizo pachala koyezera mpweya m'magazi, nampatsa oksijeni ndi jekeseni. Lero mwanayo ali pasukulu.

Pambuyo pake ndinamva kuti njira imeneyi ndi chipatso cha kafukufuku. Madokotala anaona kuti ana ambiri ofera m'chipatala amamwalira m'maola 24 oyamba. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Profesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anaphunzitsa antchito kuzindikira msanga mwana wodwalitsitsa ndi kuyamba kuthandiza iyeyo, ndipo imfa zinachepa. Mu 2005 bungwe la WHO linasindikiza maphunziro ameneŵa, otchedwa ETAT.

Makolo anzanga, wina akaloŵa patsogolo panu musapse mtima. Ndipo wanu akamabanika, akakomoka kapena akalefukiratu, musakhale chete kumapeto kwa mzere. Uzani namwino nthaŵi yomweyo.