Mnyamata wa ku Langa ndi Timu Yake

Kummwera kwenikweni kwa Africa kuli mzinda waukulu wotchedwa Cape Town. Mzindawu uli m'mphepete mwa nyanja yamchere, patsinde pa phiri lapamwamba posalala ngati tebulo. Kunja pang'ono kwa mzindawu kuli dera lotchedwa Langa. Boma la azungu lidatsegula derali m'chaka cha 1927 kuti muzikhala anthu akuda okhaokha ogwira ntchito mumzindamo. Nyumba za ku Langa zidali zing'onozing'ono ndi zothithikana, ndipo ana ambiri ankasewera mumsewu.

Kumeneko ndiko kudakulira Temba Bavuma, amene adabadwa pa 17 Meyi, 1990. M'chinenero cha kwawo dzina loti Temba limatanthauza chiyembekezo. Ali mwana, Temba ankakumana ndi anzake pamphambano ya misewu kusewera kiriketi. Msewu wina udali wa phula lokumbikakumbika, ndipo mpira unkanjanja mosadziwika bwino. Anawo adautcha Karachi, dzina la mzinda wa ku Pakistan. Msewu wina udali wosalala ndi waukhondo. Umenewu adautcha Lord's, dzina la bwalo lotchuka la kiriketi la ku London, ndipo ndiwo Temba ankaukonda koposa.

Kodi kiriketi ndi masewera otani? Matimu amakhala awiri, ndipo timu iliyonse imakhala ndi anthu 11. Pakati pa bwalo pamakhala kanjira kotalika mamita pafupifupi 20. Kumapeto onse awiri a kanjirako amazikako timitengo titatutitatu. Munthu wa timu imodzi amaponya mpira wolimba wachikopa kuti agwetse timitengoto. Munthu wa timu inayo amaima patsogolo pa timitengoto ndi thabwa m'manja, ndipo amamenya mpirawo. Akaumenya, iye ndi mnzake amene waima mbali inayo amathamanga kusinthana malo. Akasinthana kamodzi, timu yapata pointi imodzi. Mpira ukagubuduka mpaka kumalire a bwalo ndiye kuti apata mapointi 4, ndipo ukadutsa malirewo uli m'mwamba apata 6. Womenya amatuluka ngati mpira wagwetsa timitengo take, kapena ngati wina wauwakha usanagwe pansi. Amatulukanso ngati timitengo tagwetsedwa iye ali pakati panjira. Anthu 10 akatuluka, timu inayo imalowa kumenya.

Pali kiriketi ya maola ochepa, ndipo pali ya tsiku lathunthu. Koma yolemekezeka koposa ndi imene amaitcha Test. Imeneyi imatha kutenga masiku asanu, ndipo timu iliyonse imamenya kawiri. Munthu angathe kuima padzuwa kuyambira mmawa mpaka madzulo, akutchinjiriza timitengo take. Wopupuluma sakhalitsa pamenepo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa zaka zambiri mwana wakuda ngati Temba sakadaloledwa kusewera m'timu ya dziko la South Africa. Malamulo a tsankho ankalekanitsa anthu potsata khungu m'sukulu, m'mabasi ndi m'masewera momwe. Katswiri wina wa ku Cape Town komweko, Basil D'Oliveira, adakanizidwa malo m'timu chifukwa sadali mzungu. Adasamukira ku England m'chaka cha 1960. Mu 1968 dziko la England lidamsankha kuti akhale m'timu yokasewera ku South Africa, koma boma la kumeneko lidakana kumlandira, ndipo ulendowo udalephereka. Kuyambira mu 1970 maiko ena adaleka kusewera ndi South Africa, mpaka mu 1991 pamene tsankho linkatha. Munthu wakuda woyamba kulowa m'timuyo adali Makhaya Ntini, m'chaka cha 1998. Iyeyu ali mwana ankaweta ng'ombe m'mudzi wa Mdingi, koma atakula adatulutsa omenya mpira 390 m'masewera a Test.

Temba adalowa m'timu ya dziko lake mu Disembala 2014. Iye ndi munthu wamfupi, wa msinkhu wa masentimita 162, ndipo ndi wofatsa, wosalankhulalankhula. Mu Januwale 2016, pabwalo la Newlands ku Cape Town, adapata mapointi 102 posewera ndi England, osatuluka. Munthu akapata mapointi 100 payekha, oonerera onse amaimirira kuwomba m'manja. Temba adali munthu wakuda woyamba wa ku South Africa kuchita zimenezi m'masewera a Test.

Pambuyo pake zinthu zidavuta. Padapita zaka zisanu ndi ziwiri Temba osafikanso pa 100 m'masewera a Test. Anthu ena adayamba kunena kuti iye adali m'timu chifukwa cha khungu lake basi, osati chifukwa cha luso. Mawu otere amapweteka kuposa chilonda, pakuti amachotsera munthu ulemu wa thukuta lake. Temba sadasiye kusewera. Mu 2023 adamsankha kukhala kaputeni wa timu ya Test, ndipo mu Malichi chaka chomwecho adapata mapointi 172 ku Johannesburg posewera ndi West Indies. Koma mu Novembala, pampikisano wa dziko lonse ku India, adatuluka osapata kanthu mumzinda wa Kolkata. Timu yake idagonja kwa Australia, ndipo onyoza aja adayambiranso.

Timu nayo idali ndi chitonzo chake. Timuyi imatchedwa Proteas, dzina lochokera ku duwa lokongola limene lili chizindikiro cha dzikolo. Idali ndi akatswiri oopsa, koma ikangoyandikira chikho chachikulu, kanthu kankalakwika. Mu 1992, ku Sydney, mvula idadula masewera, ndipo mipira 13 imene idawatsalira kuti amenye idachepetsedwa n'kukhala umodzi wokha. Mu 1999, ku Birmingham, kudangotsala pointi imodzi kuti apambane, koma omenya awiri omaliza, Lance Klusener ndi Allan Donald, sadamvane pothamanga. Mu 2024, ku Barbados, adagonja kwa India ndi mapointi 7 okha. Anthu a m'maiko ena adaipatsa timuyi dzina lachipongwe lotanthauza anthu otsamwa, ngati munthu amene wadya nsima yonse bwinobwino koma n'kutsamwa pa mbamu yomaliza.

M'masewera a Test muli mpikisano wa maiko asanu ndi anayi umene umatenga zaka ziwiri. Matimu awiri amene achita bwino koposa amakumana pomaliza, ndipo opambana amalandira ndodo yonyezimira yokhala ndi mpira wagolide kumutu kwake. M'chaka cha 2025 matimu awiriwo adali South Africa ndi Australia. Masewera adayamba pa 11 Juni, ndipo bwalo lake lidali Lord's, osati msewu wa ku Langa uja, koma Lord's weniweni wa ku London.

Woyamba kuonetsa chamuna adali Kagiso Rabada wa ku Johannesburg. Iyeyu amaponya mpira pa liwiro loposa makilomita 140 pa ola, kuposa mmene galimoto limaloledwa kuthamangira pamsewu. Pofika nthawiyo n'kuti atatulutsa kale omenya oposa 300 m'masewera a Test. Tsiku loyamba adatulutsa anthu asanu, ndipo Australia idathera pa mapointi 212. Koma South Africa italowa kumenya idangopata 138. Aiden Markram, amene amamenya poyamba, adatuluka osapata kanthu. Ambiri adapukusa mitu, nati zakale zija zayambanso.

Australia italowa kachiwiri, Rabada adatulutsa anthu ena anayi. Anzake adamthandiza. Padali Lungi Ngidi, amene adatulutsa anthu atatu. Padalinso Marco Jansen, chiphona cha masentimita 206 choponya ndi dzanja lamanzere. Jansen akaima pafupi ndi kaputeni wake, munthu angayese bambo ndi mwana. Australia idapata 207. Tsopano South Africa idafunika mapointi 282 kuti ipambane, ndipo oponya mpira a Australia, motsogozedwa ndi Pat Cummins, adali m'gulu la akatswiri oposa onse padziko lapansi.

Pa tsiku lachitatu masana, anthu awiri atatuluka kale, Temba adatsikira m'bwalo kukathandizana ndi Markram. Asanapate mapointi ambiri, mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu yake udakokeka pothamanga. Adayamba kutsimphina. Malamulo salola kuti wina amthamangire munthu wovulala. Temba akadatha kuchoka m'bwalo kukapuma, ndipo palibe akadamdzudzula. Komanso kukhalabe kudali ndi vuto lake, chifukwa munthu wotsimphina angathe kutulutsitsa mnzake pothamanga. Atakambirana pa nthawi yopuma, adagwirizana kuti apitirize, pakuti Markram adafuna kuti kaputeni wake akhale naye.

Awiriwo adaima mpaka madzulo. Markram ankamenya mpira mwaluso, ndipo Temba ankakoka mwendo wake kupita uku, kubwerera uku, atakukuta mano. Pamodzi adasonkhanitsa mapointi 147. Mmawa wa tsiku lachinayi Temba adatuluka ali ndi 66. Markram uja, amene adatuluka wopanda kanthu poyamba, adafika pa 136, natuluka kutangotsala mapointi 6. Anthu a ku South Africa amene adali m'bwalomo adagwira mitima m'manja pokumbukira za 1999. Koma Kyle Verreynne adamenya mpira womaliza, ndipo masana a pa 14 Juni timu ya Proteas idapambana. Kuyambira mu 1998 timuyi idali isanapambanepo mpikisano waukulu wa maiko. Temba adayenda m'bwalo la Lord's atanyamula mwana wake wamng'ono dzanja ili, ndodo yonyezimira ija dzanja linalo.

Mutu umodzi susenza denga. Pakadapanda Rabada ndi oponya anzake, mapointi ofunika akadachuluka koposa. Pakadapanda Markram, kupirira kwa Temba kukadapita pachabe. Rabada ndi Markram adadziwana kale, pakuti mu 2014 adali limodzi m'timu ya anyamata osapitirira zaka 19 imene idatenga chikho cha dziko lonse. M'timu ya ku Lord's mudalinso Keshav Maharaj wa ku Durban, amene makolo ake akale adachokera ku India. Iyeyu saponya mpira mwamphamvu, koma amaupotokola ndi zala kuti ukagwa pansi ukhote, womenya n'kuuphonya. Mphunzitsi wa timuyo adali Shukri Conrad wa ku Cape Town. Pa nthawi ya D'Oliveira anthu amenewa sakadaloledwa kusewera m'timu imodzi.

Ena adanenabe kuti kupambana kwa ku Lord's kudali kwa mwayi. Yankho lidabwera mu Novembala 2025, pamene timuyi idapita ku India, dziko limene alendo sapambanako kawirikawiri. Masewera oyamba adachitikira ku Kolkata, pabwalo lomwe lija Temba adatulukira wopanda kanthu mu 2023. Mpira unkakhota kwambiri moti palibe wina adafika pa 50, koma Temba adapata 55 osatuluka, ndipo timu yake idapambana ndi mapointi 30. Masewera achiwiri, ku Guwahati, idapambana ndi mapointi 408. Simon Harmer, wopotokola mpira ngati Maharaj, adatulutsa anthu 17 m'masewera awiriwo. Kuyambira mu 2000 South Africa idali isanagonjetsepo India motero kwawo komweko. Pofika kumapeto kwa 2025 Temba adali atatsogolera timu yake m'masewera 12 a Test. Adapambana 11, amodzi adatha popanda wopambana, ndipo sadagonje ngakhale kamodzi.

Akuluakulu adati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Timu ya Proteas idadikira zaka 27, ndipo kaputeni wake adapirira mawu onyoza kwa zaka zambiri. Komabe ntchito siidathe. Chikho cha dziko lonse cha masewera a tsiku limodzi sichidapitepo ku South Africa. Mpikisano wa chikho chimenechi wa m'chaka cha 2027 udaikidwa kuti uchitikire ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Namibia. Ana a ku Langa, amene tsopano akudziwa kuti msewu wawo ungathe kufikitsa munthu ku Lord's, adzakhala akuonerera.

Mafunso

1. Kodi dzina loti Temba limatanthauza chiyani?
2. Chifukwa chiyani ana a ku Langa adatcha msewu wina Karachi, wina Lord's?
3. Tchulani njira ziwiri zimene womenya mpira amatulukira m'masewera a kiriketi.
4. N'chifukwa chiyani maiko ena adaleka kusewera ndi South Africa mu 1970?
5. Kodi Temba adakumana ndi vuto lanji pa tsiku lachitatu ku Lord's? Nanga inu mukadakhala Temba mukadachita chiyani?
6. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Sunga khosi, mkanda woyera udzavala."

Ntchito

(a) Pangani ziganizo pogwiritsa ntchito mawu awa: mphambano, tsankho, chitonzo, kutsimphina, chiphona.
(b) Pezani pa mapu mizinda iyi: Cape Town, London, Sydney ndi Kolkata.
(c) Lembani ndime imodzi yofotokoza masewera amene mumasewera kwanu ndi malamulo ake.