Kusaka Tebulo Lopinda M'munsi mwa Phiri la Mulanje

Nyumba zambiri za kwathu kunyanja ndi zazing'ono, ndipo pabalaza pamagwira ntchito zosawerengeka. Masana pamayalidwa mkeka wa alendo, madzulo ana amalemberapo za kusukulu, ndipo abale akabwera ochuluka pamagonanso anthu. Tebulo lalikulu la miyendo inayi likalowa m'nyumba yotere limasanduka mwini nyumba, eni ake n'kumadutsa chammbali ngati nkhanu. Komabe pali masiku, monga pa Idi kapena pa ukwati, pamene mbale zimachuluka ndipo mayi wa pakhomo amasowa poziika. Amisiri a ku England anaganizirapo za vuto limeneli kalekale, m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, pamene anayamba kukhoma tebulo la mapiko awiri ogwa. Mukafuna kudya mumakweza mapikowo, mukatha mumawagwetsa n'kukankhira tebulo kukhoma.

Tebulo lililonse logwetsa mapiko Angerezi amalitcha drop-leaf. Lina mwa amenewa amalitcha gateleg, chifukwa pansi pa phiko lililonse pali mwendo wotseguka ngati chitseko cha pachipata, womwe umakachirikiza phikolo. Ena alibe mwendo wotero, phiko limangokhala pa kathabwa kotuluka pansi. Akalipentala athu onsewa amangoti tebulo lopinda, ndipo ifenso tizitero.

Mwana wathu wamkazi akulowa m'banja, ndipo nyumba yomwe akakhale ku Mangochi ndi ya zipinda ziwiri. Tinagwirizana kuti mphatso yathu ikhale tebulo lopinda lakale, la matabwa ouma bwino, loti adzasiyire ana ake. Anthu odziwa anatilozera ku Mulanje, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Tiyi anayamba kulimidwa m'bomali mu 1891, pamene Henry Brown, mzungu yemwe anachokera ku minda ya ku Ceylon, anatenga mbewu ku Mishoni ya Blantyre n'kukadzala ku Lauderdale ndi ku Thornwood. Khofi atakanika, tiyi anafalikira, ndipo esiteti iliyonse inamanga nyumba za mabwana ndi za makalaliki. Nyumba zonsezo zinafuna mipando ndi matebulo. Kuitanitsa katundu wolemera kuchokera ku Ulaya kunali kodula, choncho zambiri zinakhomedwa konkuno ndi amisiri achimalawi, ena mwa iwo ophunzira ntchito ya matabwa ku mishoni, potengera maonekedwe omwe a dona anazolowera kwawo. Wowerenga asayembekeze kuti akapeza tebulo la zaka 300 la ku London m'mudzi wa kwa Mabuka. Chomwe chilipo ndi ntchito ya manja ya agogo athu, ya mlombwa, mbawa ndi mkungudza, ndipo ife ndi yomwe tinkafuna.

Tinadzera ku Liwonde, Zomba ndi Limbe, n'kulowa msewu wa Midima. Mukangopitirira Nkando phirilo limadzaza galasi lonse la minibasi. Nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, tsiku limenelo inabisala m'mitambo ya chiperoni, ndipo ife anthu ozolowera kutentha kwa kunyanja tinatsika pa Chitakale tikunjenjemera. Chiyao sichinatisowe, pakuti kwa Chikumbu kuli abale athu kuyambira kale, ndipo mnyamata wa njinga yemwe anatitsogolera ankasakaniza Chiyao, Chilomwe ndi Chichewa m'chiganizo chimodzi.

Malo oyamba omwe anatifikitsa panali matebulo atatu opinda, akuda bii, onyezimira. Wogulitsa anatilandira ndi manja awiri.

"Awa ndi a azungu enieni, bambo. Anachokera m'nyumba ya bwana wamkulu."

Tinapempha kuti atembenuze limodzi, miyendo iloze kumwamba. Anachita monyinyirika. Pansi pake thabwa linali loyera, la paini, fungo la utomoni likumvekabe. Misomali inali yowala, ndipo mitu ya masikuluu inali ya mtanda ngati yomwe timagula mu hadiweya lero. Kuda konse kuja kunali polishi ndi vanishi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tebulo la paini si loipa, ndipo akanatiuza mtengo wa paini tikanaganizira, koma paini kwathu ndi chakudya cha chiswe.

Kuchoka pamenepo tinatsata msewu wa ku Phalombe kukafika pa Likhubula, pomwe alendo okwera phiri amayambira ulendo. Apa mphuno ndi yomwe imayamba kukuuzani kuti mwafika. Fungo la mkungudza silifanana ndi la mtengo wina uliwonse, ndipo timabokosi tosema tomwe timagulitsidwa m'mbali mwa msewu timanunkhira ngakhale muli patali. Titafotokoza chomwe tinkafuna, bambo wina anatitengera pambali n'kutsitsa mawu.

"Lakale mulisiye, achimwene, mutaya nthawi. Ndipatseni masabata awiri, ndikukhomerani la mkungudza weniweni. Ndidzalidetsa, aliyense adzati ndi la makedzana."

Tinamufunsa komwe matabwawo achokere. Anangoloza kuphiri ndi mlomo.

Pamenepa tiime pang'ono, chifukwa nkhani ya mtengo umenewu ikutikhudza ife a kunyanja kuposa momwe ambiri timaganizira. Mkungudza wa ku Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pamwamba pa phiri limeneli. Dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, linachokera kwa Alexander Whyte, katswiri wa zomera yemwe ankagwira ntchito ndi Harry Johnston m'zaka za m'ma 1890. Thabwa lake lili ndi mafuta omwe chiswe chimadana nawo, ndipo siliola msanga ngakhale m'madzi. N'chifukwa chake linafunidwa pa madenga, zitseko ndi mipando, komanso pokhoma maboti a asodzi a pa nyanja yathu. Ena mwa maboti omwe makolo athu ankaponyera chilimira anachokera kuphiri kuno. Nkhalango ya phirili inaikidwa m'manja mwa boma mu 1927, ndipo kwa zaka zambiri matabwa ankatsika kuchokera ku Chambe kufika ku Likhubula pa chingwe cha waya cholendewera m'mwamba. Mu 1984 Dr Kamuzu Banda analengeza kuti mkungudza ndi mtengo wa fuko la Malawi.

Ulemu umenewo sunaupulumutse. Macheka a usiku ndi moto wolusa zinagwira ntchito yake, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha pa phiri lonse. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a Zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira, ladzala mbande zoposa 500,000, koma mkungudza sufulumira. Mbande yodzalidwa lero adzaichekere thabwa ndi adzukulu a adzukulu athu, ngati moto uilekerera. Mu 2019 mtengowu unalowa m'kaundula wa CITES woteteza zachilengedwe zomwe zili pangozi pa malonda a pakati pa mayiko, ndipo mu July 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Tsono munthu akakulonjezani tebulo la mkungudza m'masabata awiri, dziwani kuti akukafukula zitsa kapena kudula mitengo yaing'ono yomwe ikanadzabereka mbewu. Lamulo la Zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo pa malodibuloko amafunsa. Tinamuthokoza bamboyo n'kubwerera.

Tsiku lachiwiri tinalowera msewu wa ku Muloza, ku malire ndi Mozambique. Msewu umenewu umadutsa pakati pa minda ya tiyi yobiriwira ngati kapeti, amayi ndi abambo atabereka madengu kumsana, mitsinje ya Lichenya ndi Ruo ikutsika kuphiri ndi madzi ozizira. M'malo ena m'mapiri mukuonekabe zipsera zofiira zomwe namondwe wa Freddy anasiya mu March 2023. Munthu amene amaona minda imeneyi ali m'galimoto amangoti dziko lokongola, koma mukapatuka n'kulowa m'midzi mumaona momwe anthu apanikizirana pa timinda ting'onoting'ono ta chinangwa, nandolo ndi zinanazi, pamene nthaka yabwino ili m'manja mwa maesiteti. Ndi m'midzi yotere momwe katundu wakale wa m'nyumba za mabwana anathera. Bwana akamabwerera kwawo ankagulitsa katundu pa okushoni, ndipo zina ankasiyira khuki, kapitawo kapena kalaliki yemwe anamutumikira nthawi yaitali.

Chakufupi ndi Limbuli anatilondolera kwa mayi wina wachikulire yemwe malemu amuna ake anali khuki pa esiteti ina. Titapereka moni n'kukhala pa khonde, anatumiza mdzukulu kukachotsa nsalu pa chinthu chomwe chinatsamira khoma. Linali gateleg la mlombwa, la miyendo isanu ndi itatu yosema mozungulira. Mdzukuluyo anatsegula miyendo iwiri, anakweza mapiko, ndipo kachinthu kopyapyala kaja kanasanduka tebulo lozungulira loti anthu asanu ndi mmodzi n'kudyerapo momasuka.

Pa tebulo limeneli ndi pomwe maso athu anaphunzira. Pansi pake panalibe vanishi, thabwa linada lokha ndi utsi ndi zaka, ndipo dzanja likamadutsa limamva timafunde ta puleni ya pamanja. Pomwe mwendo wotseguka umadutsa panali mzera wopindika ngati uta, wokumbika chifukwa chotsegulidwa ndi kutsekedwa kwa zaka zambiri. Mzera wotere munthu sangaupange tsiku limodzi. Miyendo inalumikizidwa polowetsa thabwa m'bowo la linzake n'kukhomera zikhomo za mtengo, popanda msomali. Timatabwa ta m'munsi tinaperepeseka pomwe mapazi ankapondapo. Masikuluu a m'mahinjesi anali a mzera umodzi. Tinatulutsa tepi n'kuyeza pamwamba pake mbali ziwiri, ndipo tinapeza kuti kuzungulira kwake sikunalinso kofanana: thabwa likamauma limachepa m'lifupi, koma m'litali silisintha kwenikweni, choncho tebulo lomwe linabadwa lozungulira limakalamba litaphwatalala pang'ono. Lomwe lazungulira bwinobwino ngati mbale ndi la dzulo.

"Agogo, mungatigulitse?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ana anga, abambo anu anakanda buledi pamenepa zaka zonse za ntchito yawo. Tsiku lomwe bwana ankapita, anzawo analandira ndalama, iwo anapempha ili. Ndikaligulitsa, ndikawauza chiyani?"

Sitinaumirire. Anatipatsa chinanazi chimodzi ndi malangizo akuti tikafunse kalipentala wina wachikulire pa boma, yemwe amakonza katundu wakale wa anthu.

Shedi ya mkuluyo inali kuseri kwa msika, yodzaza ndi mipando yothyoka miyendo ndi makabati opanda zitseko. Pakona panali tebulo lopinda la mbawa, la miyendo inayi yowongoka, mapiko ake okhala pa timatabwa totuluka pansi. Silinali lokongola ngati la agogo aja. Hinje imodzi inathyoka, ndipo pamwamba panali chipsera cha simbi ya makala. Iye sanatiuze nthano ya bwana wamkulu. Anati eni ake analisiya kuti alikonze, kenaka anasamukira ku Lilongwe n'kumutumizira uthenga woti aligulitse.

Tinaona timabowo ting'onoting'ono pa mwendo umodzi. Mkuluyo anayala pepala pansi n'kugogoda mwendowo ndi chigwiriro cha hamala.

"Yang'anani, bambo. Ufa ukagwa woyera, tizilombo tili moyo. Apa palibe chagwa. Tinachoka kale."

Anatiuzanso kuti tikweze mapiko onse awiri n'kuyang'ana m'mbali ngati ali pa mzera umodzi ndi thabwa la pakati, chifukwa phiko lopindika silikonzeka mosavuta, pamene hinje ndi nkhani ya ola limodzi. Pomwe phiko limakumana ndi thabwa la pakati, mmisiri wakaleyo anasema mbali imodzi yotukuka ndi inzake yokumbika kuti zilowane, kotero kuti phiko likagwa sipaoneka mpata woti nyenyeswa kapena chala cha mwana n'kulowamo. Akalipentala a masiku ano ambiri amangolumikiza matabwa osalala chifukwa kusema kotere kumadya nthawi.

Mtengo tinakambirana mpaka tiyi wa m'makapu athu atazizira. Iye anayambira pamwamba, ife pansi, ndipo tinakumana pomwe aliyense anatha kumwetulira, ndalama ya hinje ili momwemo. Chipsera cha simbi tinamupempha kuti asachipale, chifukwa kupala ndi sandipepa kumachotsa khungu lomwe mbawa imatenga zaka kuti ilipeze. Tinamupemphanso kalata yosonyeza kuti tebulolo ndi lakale, ndi la mbawa, ndipo watigulitsa ndi iye. Kalatayo inatithandiza pa lodibuloko ina, pomwe wapolisi ananunkhiza thabwa asanatilole kupitirira.

Litapindidwa, tebulo lonse linangotsala mikono iwiri m'litali ndi kupitirira pang'ono phazi limodzi m'lifupi. Tinalikulunga m'masaka, mapiko titawamanga ndi linya kuti asamagubuduke, n'kulikweza pa lole ya nthochi yopita ku Limbe. Potsazikana mkuluyo anatigwira dzanja n'kutichenjeza za kwathu. Anati thabwa lomwe lakhala moyo wake wonse m'chinyezi cha Mulanje likafika m'kutentha kwa Mangochi mwezi wa October limauma mwadzidzidzi ndipo likhoza kung'aluka.

"Musaliike pafupi ndi windo la dzuwa, ndipo miyezi yoyamba muzilifunditsa nsalu. Ngati pansi ndi pozira, mwendo uliwonse uponde pa kamwala kaphanthiphanthi. Mwanayo mumuuze kuti akamagwetsa phiko azigwira ndi manja awiri."