Kilt ya pa salaula, bagpipe na mwala wa asikulu ku Chama

Mu Lusaka muno mwamuna angavale chilichonse. Jeans yong'ambika m'mabondo, suti ya pinki, ngakhale jombo za ku mgodi pa ukwati, palibe okufunsa. Koma yesa chabe kuvala chinthu chooneka monga siketi, uone mmene ma call boy adzakuimbira mluzu kuchoka pa Kulima Tower mpaka ku Soweto.

Kilt yanga yoyamba ndinaipeza pa salaula, mu mulu wa masiketi a azimayi. Amai ogulitsa anali atatopa nayo. Ati, "Tengani chabe K300 mwana wanga, ni yolema maningi, atsikana saifuna." Ine nditaona malamba achikumba m'chiuno, mapindo kumbuyo kokha, kutsogolo kosalala, mphonje zili kudzanja lamanja, ndinadziwa kuti iyi ndi ya amuna. Kilt yeniyeni imadya nsalu ya ubweya pafupifupi mamita 7, ndiye kulema kwake. Sindinatsitse mtengo ngakhale ngwee.

Bagpipe ndinali nditayamba kale. Anandiphunzitsa mdala wina wa mu komboni mwathu amene anali mu bandi ali mnyamata. Chaka chathunthu sanandilole kugwira thumba. Anandipatsa kachitoliro kophunzirira, practice chanter, ati zala ziyambe zamva. Chombo chenicheni chili ndi thumba limene umafinya m'khwapa, kapaipi kouziramo mpweya, mapaipi atatu apaphewa amene amangolira liwu limodzi osaleka, ndi chanter pamene zala zimasewera. Manotsi ake ndi 9 basi. Sichingalire pang'onopang'ono, ndipo sichipuma pakati pa nyimbo. Ma neba anga ku Chawama angachitire umboni.

Manje nkhani ili apa. Ine ndine wa ku Chama, Msenga wa kwa Kambombo, wobadwira mu CCAP. Zaka zitatu zapitazo ndinalowa Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene ambiri amautcha wa ma Mormon, olo kuti kuyambira 2018 atsogoleri ake anapempha kuti dzina limenelo lisiyidwe. Mpingowu unalembetsedwa mu Zambia mu 1992, so kwa anthu a kwathu ukadali wa dzulodzulo. Anzanga a ntchito amangoseka kuti mtolankhani wa zosangalatsa amagona ku ma show na botolo ya madzi. Kumudzi sizinali zoseketsa. Tsiku limene ndinakana tiyi wa ambuya, pakuti ife sitimwa tiyi, khofi kapena mowa, anachotsa kapu ija osakamba kanthu. Kuchokera apo foni zawo zinafupika. "Uli bwino? Chabwino." Basi.

Ndiye mu October munali kuvumbula mwala wa asikulu, amene anali mkulu wa mpingo zaka zambiri. Ndinapempha kuti ndikaimbe pa manda. Asibweni, alongo awo a amai, ndiwo anali kuyendetsa zonse, ndipo anayankha mwachidule: bwera nacho chitoliro chako, koma nyimbo za ma Mormon pa manda a atate ayi.

Njira mukuidziwa, Great East Road mpaka Chipata, kukwera ku Lundazi, ndiye kutsikira m'chigwa cha Luangwa. Ubweya wa nkhosa unapangidwira mphepo ya ku Scotland, osati October wa ku Chama. Bagpipe nayonso imadana ndi kutentha: timabango ta mkati tikauma, liwu limakwera, umachuna apa, pakapita mphindi zisanu zasokonekera. Ndinakonzekera pansi pa mtengo wa mango m'mamawa, ana a m'mudzi monse atandizungulira, agalu atathawa.

Kumeneko ndinaimba nyimbo imene ndimaikonda kwambiri pa chombochi, Praise to the Man. Anailemba W. W. Phelps pambuyo pakuti Joseph Smith waphedwa ku Carthage, Illinois, pa 27 June 1844, ndipo maimbidwe amene timagwiritsa ntchito lero ndi pachibale ndi Scotland the Brave, nyimbo ya ma pipe band. Imakhala pa zala monga inabadwira pomwepo. Koma iyo ikutamanda mneneri wathu, ndipo asikulu sanali kumudziwa. Pa manda awo siyikanayenera, ngakhale asibweni akanapanda kuletsa.

Za siketi zinayamba pomwepo. Mlamu wanga wina ati, "Ba Lusaka, mwabwereka kwa ndani chitenge?" Ndinamufunsa ngati anaonako Angoni ku Mtenguleni pa Nc'wala mu February, amuna aakulu mawondo pamtunda, zikumba zikulendewera m'chiuno. Nanga siziba ya Alozi pa Kuomboka, imene ena amati inatengera kilt yomweyi? Pitani mukawauze kuti avala za akazi. Ndipo a ku Scotland anaivutikira nsaluyi: boma la Britain linailetsa mu 1746 atagonjetsa anthu a kumapiri, lamulolo n'kuchotsedwa mu 1782. Mlamu anangoti, "Koma ni siketi ndithu."

Chimene chimandiseketsa ine n'chakuti ku Chama chinthu cha ku Scotland si chachilendo olo pang'ono. Mpingo umene ambuya amautcha wa makolo unabwera ndi amishoni a Livingstonia, anthu a Free Church of Scotland. Donald Fraser, amene anakhala ku Loudon, Embangweni ya lero, anayenda pakati pa Asenga, ndipo buku lake la 1914 limawatchula pa mutu pake penipeni. Ndiye amene anali kulimbikitsa Angoni ndi Atumbuka kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe awoawo. Kudzera ku Chasefu ntchito ija inazika mizu mbali ino, mpaka CCAP Synod of Zambia inaima payokha mu 1984. Tchalitchi tinalandira, nyimbo tinalandira, sukulu tinalandira. Chovala chokha ndi chitoliro ndi zimene zinachedwa pa njira, n'kufika kudzera pa bale ya salaula.

Usiku woti mawa ndi mwambo ndinakhala pansi ndi asibweni, buku lathu lobiriwira la 1985 lili m'manja. Muli nyimbo 341, koma ndi manotsi 9 zambiri sizikwana: ina imakwera kupitirira pamene chanter ithera, ina ifuna liwu limene kulibe. Ukasefa, ukachotsanso zokamba za mbiri ya mpingo wathu, zotsala ndi zochepa, ndipo zambiri mwa izo ndi zakale zimene mipingo yonse imaimba. Ndinawatsegulira nambala 166, Abide with Me. Mawu ake ndi a Henry Francis Lyte, wobadwira ku Scotland, 1847. Maimbidwe ndi a William Henry Monk, 1861.

"Iyi ili m'buku mwathu, asibweni. Ndikuuzirenitu, musadzati ndinakubisani."

Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuing'ung'udza pang'ono. "Iyi ni yathu iyi. Munaitenga kwa ife."

"Ndiye niimbe kapena nisaimbe?"

"Imba. Koma buku lako lisale m'nyumba."

Linatsaladi m'nyumba. Abusa atatha pemphero, nsalu itachotsedwa pa mwala, ndinauzira thumba. Mapaipi atayamba kulira, amai ena a Umanyano anabwerera m'mbuyo, mwana wina n'kuyamba kulira. Mu nyimboyi muli liwu limodzi, kumapeto kwa mzere wachiwiri, limene bagpipe ilibe, umangolizembera ndi loyandikana nalo. Nditafika pamenepo ndinamva wina kumbuyo kwanga akuliimba bwinobwino, mokweza, monga akundikonza. Anali ambuya. Vesi yachiwiri azimayi onse analowa m'Chitumbuka, ndipo apa panali ntchito, pakuti iwo amakoka mawu ndi kupuma, pamene chombo changa sichidziwa kudikira. Ndinachepetsa liwiro mpaka dzanja la thumba linayamba kunjenjemera, thukuta likutsikira m'masokosi. Tinamaliza mavesi anayi, pafupifupi pamodzi.

Asibweni sanasinthe maganizo pa za mpingo wanga, ndipo anandiuza pamaso pa anthu pa nthawi ya nsima. Ambuya sanakambepo za nyimbo. Madzulo anaitanitsa kilt ija, anaitembenuza, anayeza mapindo ndi chala, nati amene anasoka ankadziwa ntchito, koma lamba limodzi latsala pang'ono kuduka. Analisoka okha ndi ulusi wa thumba la mpunga.

M'mawa ndisanakwere galimoto ya ku Lundazi, ena onse anapatsidwa tiyi. Ine anandiikira kapu ya thobwa la dzulo lomwelo, losasasa, ndi mpunga wa Chama wokwana meda ziwiri, ati imodzi ndikapatse mdala amene anandiphunzitsa.