Nyumba ya Mtchona pa Phiri la Gangi

Mawu akuti mtchona kwathu kumalire sasowa womasulira. Palibe mudzi wa ku Angónia umene sudatayeko mwana wake ku migodi ya ku South Africa kapena ku minda ya fodya ya ku Zimbabwe. Ena adabwerako ndi njinga ndi wailesi, ena adangotumiza kalata imodzi kenaka zii. Inenso ndili m'gulu lomwelo. Ndidachoka ku Domwe ndili mnyamata, itangotha nkhondo imene pangano lake la mtendere lidasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ansembe adandithandiza kukaphunzira za unamwino ku Italia, ndipo ndidagwira ntchito mumzinda wa Palermo, ndikukhala m'nyumba za lendi, mpaka imvi zidayamba kutuluka. Ndikufuna ndikuuzeni za nyumba imene ndidagula m'dzikolo, chifukwa nkhani yake ikukhudza nyumba zathu zomwe.

Palermo ali pa Sicilia, chilumba chachikulu cha m'nyanja ya Mediterranean, kummwera kwa Italia. Ukachoka mumzindawo pa galimoto, pakatha maola awiri umafika ku Gangi, tauni ya m'mapiri a Madonie, yomangidwa pa phiri la Marone, pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja. Ukaliona patali, phirilo limakhala ngati chulu chovekedwa madenga. Nyumba zamiyala zidasanjikizana kuyambira m'munsi mpaka pansonga, osasiya mpata ngakhale wa khola la nkhuku. Kunja kukayera, phiri lamoto la Etna limaonekera kum'mawa. Akale a kumeneko ankamanga pamwamba chonchi pothawa adani ndi malungo a m'zigwa. Kuzizira kwake munthu wa ku Angónia sangakudabwe, kungoti kumafika mu Januwale, ndipo zaka zina kumagwa chipale chofewa.

Lero ku Gangi kuli anthu pafupifupi 6,000, koma nyumba zilipo zokwanira khamu lalikulu kuposa pamenepo. Eni ake adapita ku Argentina, ku America, ku Germany ndi ku mafakitale a kumpoto kwa Italia, pothawa umphawi wa m'minda ya tirigu. N'chifukwa chake akuluakulu a matauni monga Gangi, Sambuca ndi Mussomeli adayamba kupereka mabwinja pa mtengo wa yuro imodzi. Nkhaniyo idamveka dziko lonse, koma yuroyo ndi nyambo chabe. Wogula amalonjeza kukonza nyumbayo m'zaka zochepa, kawirikawiri zitatu, ndipo ndalama za amisiri, denga ndi mapepala zimafika masauzande ambiri. Ine ndidali nditapeza ntchito yosamalira okalamba kufupi ndi Gangi, ndipo ndinkafuna polowa msanga ndi banja langa. Choncho ndidafunafuna nyumba yokonzedwa kale.

Imene ndidapeza ndi yopapatiza ndi yaitali, zipinda zitatu zosanjikizana. Kale chipinda chapansi chidali cha bulu, anthu n'kumagona pamwamba pake. Tsopano m'mene munkagona bulu ndi m'khitchini, pansi pali matailosi, makoma ali mbuu, mawindo atsopano. Galimoto sifika pakhomo, umaisiya kumunsi n'kukwera masitepe ndi katundu m'manja. Ankaitchula mayuro 42,000. Nthawi imeneyo yuro imodzi inkasintha pafupifupi mameticais 70, ndiye kuti ndalama yonse inkayandikira mameticais 3 miliyoni.

Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyumba yokonzedwa ndiyo nkuyu weniweni. Bwinja silinama, mng'alu uliwonse umauona. Koma penti yatsopano imatha kubisa khoma lodwala. Ndidalemba ganyu katswiri woyeza nyumba, amene kumeneko amati geometra. Iye adatenga mapu a nyumbayo ku catasto, ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo ndi nyumba, n'kumayerekeza chipinda ndi chipinda. Ku Italia ukasuntha khoma kapena kutsegula windo popanda chilolezo, vutolo limatsala ndi nyumba, ndipo wogula ndiye amalisenza. Zathu zidagwirizana. Adakweranso kudenga kukagogoda mitanda, ndipo adandilangiza kuti ndibwerenso mvula itagwa. Ndidabweradi mu Novembala, ndipo tidapeza kuti khoma lakumbuyo, lotsamira thanthwe, limatuluka chinyontho m'munsi. Eni ake adavomera kutsitsa mtengo kuti ndikonzere pamenepo. Tidaonanso thanki la madzi, chifukwa ku Sicilia madzi a m'mipope sadalirika nthawi ya chilala. M'chaka cha 2024 matauni ambiri a pachilumbapo ankalandira madzi mwa masiku.

Kugula kwenikweni kumayenda pang'onopang'ono. Poyamba mumasainirana pangano lolonjezana, ndipo wogula amapereka chikole chotchedwa caparra. Wogula akabwerera m'mbuyo chikolecho chapita, wogulitsa akasintha maganizo amabweza kawiri. Kenaka nkhani imapita kwa notaio, mkulu wa malamulo woikidwa ndi boma, amene sakhalira mbali aliyense. Iye amafufuza ngati nyumbayo ilibe ngongole ndiponso ngati ogulitsawo alidi eni ake onse. Msonkho wa boma ndi 2 peresenti ngati ndi nyumba yoyamba yokhalamo iwe mwini, bola usamukire m'tauniyo pasanathe miyezi 18. Ikakhala nyumba yachiwiri, msonkho ndi 9 peresenti. Pa tsiku lomaliza notaio amawerenga chikalata chonse mokweza, mawu ndi mawu, onse ali chete ngati m'tchalitchi.

Mbiri ya nyumbayo sindidaimve kwa notaio. Adandiuza ndi agogo ena aakazi a khomo loyandikana, amene amakhala pampando pakhomo pawo madzulo alionse. Mwini wake adabadwira m'nyumba momwemo, pamwamba pa bulu uja. Ali mnyamata adapita ku Germany kukagwira ntchito m'fakitale ya magalimoto. Chaka ndi chaka ankabwera mu Ogasiti, mwezi umene atchona a ku Sicilia amabwera kudzaona kwawo. Chaka china akonza denga, china masitepe, china bafa. Ankauza aliyense kuti akapuma pantchito adzakhala pomwepo. Adapumadi, koma kudabwera zidzukulu, kenaka matenda, ndipo dokotala wake adali ku Germany. Ku Gangi adabwerako komaliza ali m'bokosi. "Mwana wanga," adatero agogowo, "nyumba iyi yakhala ikudikira munthu zaka zambiri. Inu musaidikiritsenso."

M'kabati ya m'khitchini ndidapeza mapoto atsopano ali m'makatoni awo, osaphikiramo n'kamodzi komwe.

Olowa chuma adali anayi, mayi wamasiye ndi ana atatu. Kwa notaio kudabwera mwana wamkulu yekha, atanyamula makalata omupatsa mphamvu yosainira enawo. Chitaliyana chake chidali cholemera, chomveka kuti adakulira kwina. Titasaina adandipatsa makiyi, aliyense ali ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja la bambo ake: khomo, chapansi, thanki. Ndidamufunsa ngati sakumva chisoni. Adayankha kuti chisoni chilipo, koma bambo ake ankakonda kunena kuti "tidzabwerera kwathu", pamene iye ndi abale ake sadachokereko ku Gangi. Munthu angabwerere bwanji kumene sadakhaleko?

Mawu amenewo adandilasa, chifukwa inenso ndili ndi ana awiri obadwira ku Palermo. Ndilinso ndi nyumba ku Domwe, ya njerwa zootcha ndi malata, imene ndidamanga pang'onopang'ono ndi ndalama zotumiza. Chaka china maziko, china denga, china mawindo. Idakhala yokhoma, ndipo kiyi ankasunga ndi mlongo wanga. Nditamuuza pa foni za nyumba ya ku Gangi, adayamba wakhala chete. Kenaka adati: "Achimwene, ndiye kuti mwatitaya? Nanga ija ya kuno mudamangira mileme? Inu ndinu mwini mbumba. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka."

Mlongo wanga sadalakwe. Kwathu nyumba si makoma okha. Ndi umboni wakuti munthu akadali wa pamudzi, kuti pakagwa maliro kapena mlandu wa ana ali ndi pofikira ndi polankhulira. Komanso ine ndidayenera kunena zoona. Ntchito yanga ili ku Sicilia, penshoni yanga idzatuluka kumeneko, ana anga adzakwatira kumeneko. Ndikhoza kumabwera chaka chilichonse, koma sindingalonjeze tsiku lobwereratu. Bambo wa ku Germany uja adalonjeza, ndipo lonjezo lakelo ndi limene lidatsekera nyumba yabwino zaka zonsezo.

Malamulo a maiko awiriwa ndi osiyana. Ku Italia munthu amagula nthaka yeniyeniyo, ndipo pepala ndilo limalankhula. Kwathu ku Moçambique nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa. Lamulo la nthaka la 1997 limapatsa munthu ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene timautcha DUAT, ndipo limavomereza malo amene tidawapeza mwa mwambo, ngakhale popanda pepala. Umboni wa anthu a pamudzi umamveka. Izi n'zabwino kwa ife alimi, koma mboni zimakalamba n'kumwalira. Mtchona akakhalitsa, amene ankadziwa malire ake amatha mmodzimmodzi, ndipo ana ake obadwira kutali sadziwa ngakhale mtengo umene udali chizindikiro. Ku Gangi nyumba zina zagwa denga chifukwa olowa chuma adamwazikana m'maiko ndipo palibe angawasonkhanitse kuti asaine. Kwathu zimagwa chifukwa palibe amene adauzidwa momveka kuti alowemo, ndipo aliyense amaopa kunenedwa kuti walanda za mwini.

Nditabwera kumudzi chaka chotsatira, ndidaitana abale pamaso pa anyakwawa. Tidagwirizana kuti mwana wamkazi wa mlongo wanga, amene ankakhala m'kanyumba kaudzu ndi mwamuna wake ndi ana atatu, alowe m'nyumbamo. Chipinda chimodzi chakumapeto ndi changa ndikabwera. Malata akadontha akonza ndi iwo, zikakhala zazikulu andiimbira. Tidayenda m'malire onse ndi akuluakulu awiri ndi achinyamata awiri, kuti odziwa asakhale okalamba okha. Zonsezi tidazilemba pa pepala m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi, ndipo ana anga ndidawawerengera. Ndidanenanso pamaso pa onse kumene ndikufuna kudzaikidwa, pafupi ndi amayi, kuti tsikulo likadzafika pasadzakhale kukangana pa foni.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu muli ndi ana ku Tete, ku Moatize, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndipo m'midzi yathu nyumba zamalata zokhoma zikuchuluka. Akabwera pa Khirisimasi, musangowafunsa kuti adzabwerera liti, pakuti funso limenelo amayankha mwamanyazi ndipo yankho lake silithandiza. Afunseni kuti pakadali pano m'nyumbamo mugone yani, ndipo mawuwo anenedwe pali mboni. Chiswe ndi mvula sizidikira penshoni ya munthu.

Ku Gangi khoma lachinyontho lija tidalikonza, ndipo mapoto aja tikuphikira. Mwezi watha ana a ku Domwe adanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Pakhonde ayanikapo nyemba, pabalaza aunjikapo matumba a kachewere, ndipo khoma la kukhitchini layamba kuda ndi utsi. Penti imeneyo ndidagula ndine, ndipo idandidyera ndalama zambiri. Mlongo wanga adalemba pansi pake kuti: "Achimwene, musakwiye." Ndidamuyankha kuti asapentenso mpaka ndibwere ndidzaone ndi maso.